Kukhala Chete Pamaso pa Mulungu: Kodi Munthu Weniweni Ali Pati?

Mawu owerenga: 1 Mafumu 19:9-13; Luka 15:11-24; Akolose 3:1-4



Phunziro la sabata ino lachokera kwa inu nomwe. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, amayi ena a Chigwirizano cha Amayi anatiitanira pambali, pansi pa mtengo wa mango. Anati, "Aphunzitsi, mwana wanga wabwera kuchokera ku koleji ku Lusaka ndi khalidwe lachilendo. M'mawa uliwonse amakhala pamphasa atatseka maso, osayankhula, foni ili pambali ikulankhula Chingerezi chapansipansi. Ndikamufunsa amati akupumitsa maganizo. Kodi mwanayu sanalowe za usatana?"

Sabata yomweyo tinacheza ndi bambo wina amene chilala cha 2024 chinamusiya manja ali m'khosi. Tonse tikukumbukira mmene mvula inadulira chimanga chikumasula, mpaka pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Bamboyu anati, "Tulo ndinasiyana nato kalekale. Ndikangoika mutu pansi, maganizo amayamba kuwerengera: ngongole ya feteleza, ndalama za sukulu za ana, ng'ombe ziwiri zimene ndinagulitsa. Kale anthu ankanditcha mlimi. Lero sindidziwa kuti ndine yani."

Mafunso awiriwa ndi apachibale. Lina likufunsa ngati Mkhristu angakhale chete n'kumayang'ana za mumtima mwake. Linalo likufunsa kuti munthu akayang'ana m'katimo, amapezamo yani. Tiyeni tiwatenge onse awiri mofatsa, popeza safunsa anadya phula.

Chinthuchi chinachokera kuti?

Chimene mwana uja akuchita, pa Chingerezi amachitcha mindfulness. M'chinenero chathu tinganene kuti ndi kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika m'thupi ndi mumtima pa nthawi ino. Gwero lake lili kutali. Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo kunali mphunzitsi wotchedwa Gotama, amene anabadwira m'dera limene lero lili m'dziko la Nepal ndipo anaphunzitsa kumpoto kwa India. Omutsatira anamutcha Buddha, ndiye kuti wogalamuka. Mpaka lero chipembedzo chake n'chachikulu m'mayiko monga Thailand, Sri Lanka ndi Myanmar. M'chinenero chawo chakale cha Pali, kukhala tcheru kumeneku amakutcha sati, liwu limene tanthauzo lake loyamba ndi kukumbukira.

Mu 1979 katswiri wina wa ku America, Jon Kabat-Zinn, anatenga mbali ina ya mwambowu n'kuyamba kuiphunzitsa pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts. Ankathandiza odwala amene anali ndi ululu wosatha ndiponso nkhawa. Anasiya mapemphero ndi ziphunzitso zachipembedzocho, n'kukonza maphunziro a masabata 8. Kuchokera pamenepo njirayi inafalikira m'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi, ndipo lero yafika m'mafoni a ana athu kudzera pa YouTube ndi WhatsApp.

Zimene amachita n'zochepa. Munthu amakhala pansi, n'kuika chidwi chake pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Posachedwa maganizo amathawira kwina: kumunda, kumsika, ku mkangano wa dzana. Akazindikira kuti athawa, amawabweza pa mpweya paja, osadzikalipira. Akathawanso, amawabwezanso. Ntchito yonse ndi imeneyi.

Aliyense amene wayesapo, ngakhale kwa mphindi zisanu, amatulukira chinthu chodabwitsa: maganizo ambiri amabwera okha, osaitanidwa. Taganizani za amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East pa Nyimba. Tsiku lonse pamadutsa mabasi opita ku Lusaka, ena ku Chipata, ndi mathiraki a katundu. Amayiwo amawaona onse, koma sakwera basi iliyonse imene yaima. Ambiri a ife, ganizo lililonse likangofika timakwera. Ganizo la mkwiyo likaima, takwera. La mantha likaima, takwera. Madzulo timapezeka tili kutali kwambiri ndi kwathu, osadziwa kuti tafikako bwanji.

Thunthu la nthochi

Tsopano tifike pa funso lachiwiri. Buddha sanalekere pa kupuma ayi. Iye anaphunzitsa kuti munthu akadziyang'anitsitsa amapeza zinthu zisanu zokha: thupi, kumva kukoma kapena kuwawa, kuzindikira zinthu, zofuna za mtima, ndi kudziwa. Zonsezi zimasintha nthawi ndi nthawi. Choncho iye anati palibe chinthu cholimba ndi chosasintha m'kati mwathu chimene tingachiloze n'kunena kuti, "Ine ndi ameneyu." Chiphunzitsochi amachitcha anatta.

Pofotokoza zimenezi, mabuku awo akale amapereka fanizo limene munthu wa ku Nyimba angalimve msanga kuposa ophunzira a ku yunivesite. Munthu akufuna mtengo wolimba, ndipo wadula thunthu la nthochi. Wachotsa khungwa loyamba, wapeza lina. Wachotsa limenelo, wapezanso lina. Wapitiriza mpaka thunthu latha, koma mtima wolimba ngati wa mukwa kapena wa mopane sanaupeze. Iwo amati munthu ali choncho. Mavuto athu ambiri, akutero, amabwera chifukwa chokakamira chinthu chimene kulibe, n'kumati "ine", "changa", "ulemu wanga".

Tisafulumire kutsutsa. Mkhristu woona mtima ayenera kuvomera choonadi kulikonse kumene chapezeka, ndipo pano pali choonadi china. Tulutsani chitupa chanu chobiriwira chija, chimene timachitcha reji, muyang'ane chithunzi chimene anakujambulani muli ndi zaka 16. Nkhope ija ili kuti? Tsitsi lija lili kuti? Nanga zimene munkaopa ndi zimene munkalakalaka nthawi imeneyo, n'zomwezo lero?

Ganizaninso za mayina athu. Pali dzina la paubwana limene agogo anatipatsa. Pali dzina la ubatizo. Pali la mfunda: a Tembo, a Mumba, a Lungu, a Mwanza, a Phiri. Mwana woyamba akabadwa, dzina lathu limabisika ndipo timakhala amake uje kapena atate ake uje. Kenako timakhala ambuye a adzukulu. Ife amene tinagwirapo choko, anthu amatitchabe aphunzitsi ngakhale tinasiya kalasi zaka zambiri zapitazo. Mayina onsewa ndi oona, koma onse ali ngati makungwa a nthochi aja. Lina limabwera, lina limachoka.

Malemba nawonso sabisa zimenezi. Yakobo 4:14 amayerekeza moyo wathu ndi nkhungu imene imaoneka kanthawi kochepa. Salimo 103 limatiyerekeza ndi udzu. Chaka ndi chaka pa Lachitatu la Phulusa wansembe amatipaka phulusa pamphumi kutikumbutsa kuti tinachokera kufumbi. Paulo pa Aroma 7 akudandaula kuti m'kati mwake muli nkhondo, popeza chabwino chimene akufuna sachichita, ndipo choipa chimene sakuchifuna n'chimene amachita. Ndipo pa Luka 12 Ambuye akusimba za mlimi wolemera amene anakolola zambiri. Werengani nkhaniyo muone mmene munthuyo akulankhulira yekhayekha za nkhokwe zake, dzinthu zake ndi moyo wake. Usiku womwewo zonse zinamuchoka. Anamanga umunthu wake pa khungwa.

Apa ndi pamene bambo uja wa ngongole angayambe kupeza mpumulo. Dzina lakuti mlimi wochita bwino linali khungwa. Dzina latsopano limene akudzipatsa usiku, lakuti wolephera, nalonso ndi khungwa. Ganizo lakuti "ndine wachabechabe" ndi basi imene yaima pa siteji. Munthu angathe kuiona, n'kuilola kuti ipite.

Pamene tisiyana nawo

Komabe pali pamene njira zathu zimapatukana, ndipo tiyenera kunena mosabisa, mwaulemu. Chiphunzitso cha Buddha sichitsamira pa Mlengi. Cholinga chake ndi kumasuka ku kubadwanso kobwerezabwereza, pozimitsa zilakolako zonse monga mmene moto umazimira nkhuni zikatha. Ife timavomereza kuti pali Mulungu amene anatilenga, amene amatidziwa, ndipo Lamulungu lililonse m'Chikhulupiriro timanena kuti tikuyembekeza kuuka kwa akufa.

Tibwererenso m'dimba la nthochi. N'zoona kuti thunthu lilibe mtima wolimba. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti moyo wa nthochi suli m'thunthumo. Uli pansi, m'chitsa chobisika m'nthaka. Kuchokera m'menemo ndi mmene mumatuluka masamba, ndi mmene mumakwera phesi lobala mkoko, ndi mmene mumaphuka ana a nthochi. Mukadula thunthu mutakolola, nthochi siinafe. Munthu wosenda makungwa uja sanapeze kanthu chifukwa anafunafuna pamwamba pokha.

Paulo pa Akolose 3:3 akuuza Akhristu kuti moyo wawo weniweni uli wobisika mwa Mulungu, pamodzi ndi Khristu. Ndiye kuti ngakhale titadzisenda chotani, sitidzapeza m'kati mwathu kamwala kolimba kamene ndi kathukathu, kosadalira wina. Umunthu wathu ndi mphatso imene timalandira mphindi iliyonse. Genesis 2:7 akusimba kuti munthu anali dothi chabe kufikira Mulungu atamuuzira mpweya. Choncho Mkhristu akakhala chete n'kumamva mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, akumva chinthu chimene sanachipange yekha, sanachigule, ndipo sangachisunge m'nkhokwe. Mpweya uliwonse ukumuuza kuti pali Wina amene akumusunga.

Ndiye munthu weniweni ali pati? Ali pamene Mulungu akumuitana. Yesaya 43:1 akunena za Mulungu woitana anthu ake ndi dzina, ndipo Yohane 10 akunena za mbusa wodziwa nkhosa iliyonse payokha. Ndife amene tili chifukwa Iye amatidziwa. Ife tingadziiwale, Iye satiiwala.

Nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. M'midzi mwathu muli agogo ena amene ukalamba wawalanda nzeru. Saadziwanso ana awo, amasochera pakhomo pawo pomwe, nthawi zina amapezeka usiku ali pabwalo la eni ake osavala bwino. Awa ndi matenda a ubongo, amene madokotala amawatcha dementia. Koma kangati tamva anthu akufuula kuti, "Mfiti yagwa"? Kangati agogo otere anyozedwa, kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa? Munthu akanakhala kukumbukira kwake chabe, bwenzi tikunena kuti agogowo anatha. Koma chitsa chikadali m'nthaka. Amene anawatchula dzina pa ubatizo akuwadziwabe. Wachifwamba uja pamtanda sanadalire nzeru zake kapena mbiri yake. Anangopempha Yesu kuti amukumbukire, ndipo zinakwanira. Wonyoza agogo oiwalaiwala akunyoza munthu amene Mulungu akumukumbukira.

Palinso china. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Nthochi siimera yokha, imamera pa phata limodzi ndi anzake. Paulo pa 1 Akorinto 12 akuti ndife ziwalo za thupi limodzi. Malemu Desmond Tutu, Arkibishopu wa mpingo wathu ku South Africa amene anatisiya mu December 2021, ankaphunzitsa kwambiri za umunthu umenewu, kuti munthu amakhala munthu kudzera mwa anzake. Yemweyo ankadziwika kuti amadzuka m'bandakucha kukakhala chete pamaso pa Mulungu asanakumane ndi anthu. Zinthu ziwirizi sizilimbana. Kukhala chete kumene kumatichotsa kwa anzathu n'kutipangitsa kudziona ngati oposa ena, si kwa Khristu.

Chuma chimene tinali nacho kale

Mwina ena akudabwa kuti tikulankhula za kukhala chete ngati kuti ndi mwambo wa Chikhristu. Ndi mwambo wathu ndithu, kungoti tinauika pansi pa bedi. Marko 1:35 akusimba kuti Ambuye anadzuka kukadali mdima n'kupita kwayekha kukapemphera. Eliya pa phiri la Horebu anaona mphepo yamkuntho, chivomezi ndi moto, koma Mulungu anamuyankhula zonsezi zitapita, m'kachetechete. Salimo 131 limayerekeza mtima wodekha ndi mwana amene waleka kuyamwa ali pa chifuwa cha amake. Amayi mukudziwa kusiyana kwake. Khanda loyamwa likafika pachifuwa limafuna bere. Mwana woleka kuyamwa amangokhala, chifukwa chimene akufuna ndi amakewo.

Ndipo mwambowu unakulira mu Africa muno. Antoni Woyera wa ku Egypt, amene anamwalira m'chaka cha 356, anakhala zaka zambiri m'chipululu akupemphera, ndipo ambiri anamutsatira. Mmodzi wa iwo, Evagrius, amene anamwalira mu 399, analemba za mitundu 8 ya maganizo amene amavutitsa munthu wopemphera, monga dyera, mkwiyo, chisoni, ulesi wa mzimu ndi kunyada. Uphungu wake unali wakuti tiziima ngati mlonda pachipata, n'kumafunsa ganizo lililonse kuti lachokera kuti tisanalilowetse. Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anavomera kuti anataya zaka zambiri akufunafuna Mulungu kunja, pamene Mulunguyo anali pafupi naye kuposa mtima wake womwe.

Pakati pa nkhani za anthu a m'chipululuwa pali ina ya munthu amene anatopa ndi ntchito yoyanjanitsa anthu, n'kupita kwa mnzake wopemphera kukapempha nzeru. Mnzakeyo anathira madzi m'mbale n'kumuuza kuti ayang'anemo. Madziwo anali ovunduka, ndipo sanaone kanthu. Patapita kanthawi anamuuza kuti ayang'anenso, ndipo anaona nkhope yake. Aliyense amene anatungapo madzi pachitsime cha m'dambo mwezi wa October akudziwa zimenezi. Madzi amatope sitiwayeretsa powavundula. Timaika mtsuko pansi n'kudikira.

Ngakhale pa chikhalidwe chathu, kukhala chete si kwachilendo. Tikapita pa maliro timalowa m'nyumba, n'kukhala pansi pafupi ndi ofedwa, nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo ofedwawo amadziwa kuti tawapepesa. Msodzi wa pa Luangwa amadziwa kudikira. Ndipo mpingo wathu, kuyambira masiku a wansembe Leonard Kamungu amene anachokera ku Nyasaland kudzayamba ntchito ku Msoro n'kumwalira mu 1913, wakhala ukutiphunzitsa mapemphero a m'mawa ndi a madzulo, ndiponso kukhala chete pang'ono tisanaulule machimo athu. Koma tivomere, abale, kuti masiku ano kachetechete kameneka timakathamangira. Wotsogolera akangoti tikhale chete, asanapume n'kawiri komwe wayamba kale kulankhula. Kuimba ndi kuomba m'manja n'kwabwino, ndipo Masalimo amatilamula kutero. Koma mwana amene amangolankhula kwa atate ake osawapatsa mpata woyankha, adzamva liti malangizo awo?

Tingayambe bwanji?

Nayi njira yosavuta imene aliyense angayese, wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa yemwe.

Choyamba, sankhani nthawi ndi malo. M'mawa kwambiri ana asanadzuke ndi bwino, kapena madzulo mutabwera kumunda. Kungakhale kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo, kapena m'tchalitchi anthu asanafike. Foni ikhale kutali. Mphindi khumi zikwanira. Ngati mulibe wotchi, ikani madzi pamoto, ndipo akawira mwamaliza.

Chachiwiri, yambani m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, kuti mudziwe amene mwakhala pamaso pake. Werengani kapena kumbukirani ndime imodzi yokha ya Malemba.

Chachitatu, khalani mowongoka koma mosaumitsa thupi. Imvani mpweya ukulowa ndi kutuluka. Musaukakamize. Ukumbukireni kuti ndi mphatso.

Chachinayi, tengani liwu limodzi loti likhale ngati chikhomo chomangirapo mbuzi. Dzina la Yesu likwanira. Litchuleni mumtima pang'onopang'ono pamodzi ndi kupuma kwanu.

Chachisanu, maganizo akabwera, ndipo adzabwera ndithu, musalimbane nawo. Litchuleni ganizolo dzina lake: awa ndi mantha a ngongole, uwu ndi mkwiyo wa pa mlamu wanga, iyi ndi nsanje. Liperekeni kwa Ambuye, n'kubwerera ku dzina lija. Mukabwerera kakhumi kapena ka 50, musati mwalephera. Kubwererako ndiye pemphero lenilenilo.

Chachisanu ndi chimodzi, malizani ndi Pemphero la Ambuye, kenako nyamukani mukachite chimene mwaona kuti chikufunika. Mwana wolowerera uja, Luka akuti, anafika pozindikira ali pakati pa nkhumba. Koma sanakhale pomwepo n'kumasangalala kuti wazindikira. Ananyamuka ulendo wa kwa atate ake. Mwina inu mudzaona kuti mukuyenera kukapepesa munthu, kubweza khasu la eni ake, kapena kukakambirana ndi amene munakongola kwa iye m'malo momuthawa.

Masiku oyamba mudzaona ngati maganizo achuluka kuposa kale. Sanachuluke ayi, kungoti mwayamba kuwaona. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Machenjezo atatu

Loyamba ndi ili. Pa Mateyu 12:43-45 Ambuye akuchenjeza za nyumba yosesedwa bwino koma yopanda mwini wake. Sitikhala chete kuti mtima ukhale bwinja, koma kuti Mwini nyumba apeze malo. Choncho ngati mawu a pafoni akukuuzani kutchula mayina kapena mawu amene simukudziwa tanthauzo lake, kapena kugwadira chithunzi, kapena akukuuzani kuti inu nomwe ndinu mulungu, lekani ndipo mufunse wansembe kapena katekisti wanu. Wina akafuna ndalama kuti akuululireni chinsinsi cha mtendere, dziwani kuti ndi malonda. Muyeso wake uli pa Agalatiya 5:22-23. Patapita miyezi, kodi munthuyo wayamba kuleza mtima, kukoma mtima ndi kudziletsa? Mtengo timaudziwa ndi zipatso.

Lachiwiri, kukhala chete sikulowa m'malo mwa mankhwala. Wa BP apitirize kumwa mankhwala ake, wa shuga chimodzimodzi, wa ma ARV chimodzimodzi. Ndipo pali ena amene anaona zoopsa pa moyo wawo, moti akatseka maso zonse zimabwerera mwamphamvu. Ngati zili choncho kwa inu, tsegulani maso, lekani, ndipo mupeze munthu wokhulupirika woti mulankhule naye. Ngati masabata akupita osagona, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, makamaka ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kubwera, musakhale nokha ngakhale tsiku limodzi. Uzani wachibale kapena mkulu wa mpingo, ndipo mupite ku kiliniki yapafupi, ku chipatala cha Nyimba, cha Kalindawalo ku Petauke, kapena cha St Francis ku Katete. Kudwala maganizo ndi matenda ngati malungo, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ku Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi kiliniki kumvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, ndipo ambiri athandizidwa. Amayi a Chigwirizano ndi abambo a mumpingo, benchi tili nalo kale pakhomo la tchalitchi. Chosowa ndi makutu.

Lachitatu n'lofunika kwambiri. Kukhala chete pamaso pa Mulungu n'kosiyana ndi kukhala chete pamaso pa choipa. Mayi amene akumenyedwa m'nyumba, mwana amene akugwiriridwa, wamasiye amene akulandidwa katundu, asauzidwe kuti angodekha n'kupemphera. Alankhule, ndipo ife timuperekeze kwa amfumu, kwa akulu a mpingo, ndi ku ofesi ya apolisi ya Victim Support Unit. Eliya atamva liwu lija sanatsale m'phanga. Anatumidwa kubwerera kukagwira ntchito pakati pa anthu.

Mayankho athu

Kwa amayi aja tinati: musamuthamangitse mwanayo, ndipo musamutchule mayina oopsa. Khalani naye pansi, mumupemphe akumasulireni zimene foniyo ikunena. Ngati ikungomuphunzitsa kupuma bwino ndi kukhazika mtima pansi, palibe choopsa. Kenako mumuuze kuti kwawo kuno kulinso chitsime, ndipo n'chakuya. Mumuwerengere za Eliya. Mwinanso tsiku lina muyale mphasa yanu pafupi ndi yake, nonse awiri mukhale chete pamaso pa Ambuye mmodzi.

Kwa bambo uja sitinanene kuti ngongole idzatha chifukwa chotseka maso. Ngongole ikadalipo, ndipo tinakambirana za anthu amene angakhale naye pansi kuti aone mmene angaibwezere pang'onopang'ono. Koma tinamukumbutsa kuti tsiku limene anabatizidwa analibe ng'ombe, analibe munda, analibe mbiri ya ulimi, ndipo Mulungu anamulandira monga mwana wake. Chilala chinatenga chimanga ndi ng'ombe. Dzina lija sichinalifike.

Sabata ino tiyeni tonse tiyese mphindi khumi tsiku lililonse. Lamulungu likudzali tidzafunsane pabwalo la tchalitchi kuti zayenda bwanji.

Tipemphere.

Mulungu Atate wathu, Inu amene munatiumba ndi dothi n'kutipatsa mpweya, mukudziwa phokoso limene lili m'mitima mwathu. Tikhazikeni pansi monga madzi a mumtsuko, kuti tione machimo athu osataya mtima, ndi kuona chifundo chanu osachipeputsa. Kumbukirani onse amene sakugona chifukwa cha ngongole, matenda ndi njala. Kumbukirani agogo athu amene aiwala mayina awo, ndipo mutipatse mtima wowasamala. Tetezani ana athu amene ali kutali ku masukulu ndi ku ntchito. Mutiphunzitse nthawi yokhala chete ndi nthawi yolankhula. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ambuye akhale nanu mpaka tidzakumanenso sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi.